Maso oyabwa a ana si nkhani yogulira mankhwala pa golosale

A Mkonzi,

Ndilembeko za maso oyabwa poti nyengo ya fumbi ndi utsi wa tchire yafikanso. Mwana wanga wa zaka 9 chaka chilichonse ikafika Ogasiti mpaka Okotobala amangotikita maso, misozi mbwee, m'mawa manthongo onanda ngati ulusi, choyera cha diso chinachita kusanduka bulauni moti ena kumandifunsa ngati wayamba chamba, mwana wa sitandade 4!

Ineyo ndinkangomugulira timadontho pa golosale ina, ndipo tinkathandizadi msanga. Ku chipatala cha maso adokotala atawerenga kabotoloko anandikalipira, akuti muli dexamethasone, mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid amene ukamadontheza miyezi popanda woyeza amakweza pulesha ya m'diso, kubweretsa ng'ala, mwana nkuchita khungu osamva ululu uliwonse.

Anati ndi alaje basi, thupi kudana ndi fumbi ndi mungu wa maluwa, sapatsirana ayi. Anatipatsa madontho ena otchedwa sodium cromoglicate, nkutiuza kuti tiziika kansalu konyowetsa madzi ozizira pa maso, ndipo osatikita chifukwa kutikita kumapotoza galasi lakutsogolo kwa diso. Zothira mkaka wa m'mawere kapena madzi a shuga m'maso zija tisiye amayi anzanga. Nanga madonthowa akugulitsidwa bwanji pambali pa sopo ndi machesi?

Mayi wodandaula,
Ndirande