Usadzayende usiku pa M5

Mzuzu, Lachitatu usiku

Mnzanga,

Kalata yako ndailandira dzana, mlamu wako ndiye anabwera nayo. Ukuti ukadzatera ku Lilongwe mu Disembala udzabwereka galimoto n'kudzera kunyanja mpaka kuno. Iweyo, amene unkasanza mu minibasi tikamatsika mapiri a Kandoli popita ku Nkhata Bay? Joni yakulimbitsadi mtima.

Koma tandimvera. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima pa M14 ndi makilomita pafupifupi 100, pamenepo sindikudandaula. Nkhawa yanga ikuyambira pa Kaphatenga, ukakhotera kumpoto pa M5. Malo ambiri msewuwo ndi wopapatiza, m'mbali munadyeka, ukakumana ndi thiraki ya shuga wa ku Dwangwa mmodzi amayenera kutsikira m'dothi, ndipo satsika ndi wathirakiyo. Milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi basi. Komanso imeneyo ndi nthawi ya mvula. Unamva za 2024, madzi atasefukira ku Dwangwa msewu n'kuduka?

Chiwerengereni kalatayo tulo sindikutiona. Ndikatseka maso ndikungokuona pa mlatho usiku, kutsogolo kabaza wopanda nyali, mbuzi zitagona pa tala, iwe uli ndi liwiro lako la ku Joni lija. Dzulo ndinafika podzuka n'kukhala pakhonde m'chisanu chonsechi. Dzuwa likadzakulowera ku Nkhotakota, udzagone komweko. Ndinafuna kunena kuti ungodzera M1 ya Kasungu ndi Jenda, koma ndakumbuka nkhungu ya ku Chikangawa, ndiye mtima wayambanso kugunda.

Amayi anatuluka m'chipatala sabata yatha, akuyenda ndi ndodo. Amakufunsa.

Pa Chia udzaime ugule chambo, kuno mtengo wa nsomba wafika posayamba, ngakhale usipa weniweniwu kambale kake kakucheperachepera. Udzachimangirire kunja pa galasi ngati anzako, usadzachiike pamodzi ndi masuti ako. Ukadzadutsa Kande ndi Chintheche, m'nkhalango ya raba ya Vizara anyamata aja akugulitsabe mipira m'mbali mwa msewu. Mphwako wandilirira mpira umenewo chaka chonse, udzamugulire. Kuchoka pa Nkhata Bay kukwera kuno msewu anaukonza, ndi wosalala, koma makhotakhota akadali omwe aja, ndiye mabuleki a galimoto yobwerekayo udzayambe wawa...

Magetsi azima kalekale, kandulo nayo yatha. Ndidzapitiriza mawa.

Ndine mnzako uja