Ophunzira utolankhani tikuwerenga chani?

Akonzi,

Ndine wophunzira utolankhani chaka chachitatu kuno ku Blantyre ndipo pali chinthu chikundidetsa nkhawa. Sabata yatha aphunzitsi anafunsa mkalasi kuti ndani wagwirako nyuzipepala mwezi uno, manja anakwera owerengeka. Ambirife nkhani timazipeza pa Facebook ndi mmagulupu a WhatsApp, kuwerenga mutu basi kenako tathamangira ku makomenti kukaona amene akutukwanana, nkhani yeniyeniyo osaimaliza nkomwe.

Ndikumvetsa, bandulo ya WhatsApp ndiyotchipa ndipo mwana wasukulu akakhala ndi kandalama amayamba waganiza za tchipisi cha pachiwaya osati The Nation kapena Daily Times. Koma mu laibulale nyuzipepala zimabwera ndithu, zimangokhala patebulo zopindapinda mpaka madzulo. Mnzanga wa mu hositelo amagona ndi TikTok mpaka 1 koloko usiku koma nkhani za pa Zodiak kapena MBC satchera khutu, pomwe agogo anga ku Thyolo ndi kawailesi kawo ka mabatire amadziwa zomwe aphungu akambirana ku nyumba ya malamulo kuposa ife.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi Chichewa. Masamba a Chichewa monga Tamvani wa mu Weekend Nation ndi Tikambe wa mu Malawi News sitiwerenga, ndiye mawa akadzatituma kumudzi kukalemba nkhani ya feteleza tidzalemba bwanji mmawu oti alimi amve?

Chonde akonzi, ganizirani zotiikira mtengo wotsika wa nyuzipepala ya pa intaneti ife ophunzira, ambiri tingalembetse.

Wophunzira utolankhani,
Blantyre