Dandaulo pa nsapato za saizi yolakwika

Kwa a Manijala,
Ofesi Yoona za Makasitomala,
Blantyre.

Bwana,

Ndikudandaula za nsapato zachikopa zakuda zomwe ndinaoda kusitolo yanu pa WhatsApp, n'kulipira pa Airtel Money. Mnyamata wanu ndinamuuza kuti ndimavala saizi 8. Anati zilipo, ndipo munazitumiza pa basi kuno ku Ntcheu. Pakatoni munamata kapepala kolembedwa 8 ndi cholembera. Koma nditaziyesa, chala chachikulu chinagunda kutsogolo, zala zinazo zinapindikira pansi, ndipo chidendene chinalowa mochita kukakamiza ndi supuni. Nditatukula lilime la nsapato ndinapeza fakitale italemba kuti US 8, UK 7, EUR 41.

Vuto lagona pamenepo. Ambirife kuno tikamati saizi 8 timanena ya ku Britain, yomwenso amagwiritsa ntchito ku South Africa. Pa nsapato za abambo, nambala ya ku America imakhala patsogolo ndi imodzi, kapena ndi theka kumafakitale ena. Choncho inu munanditumizira UK 7, koma mwailemba 8 popanda kunena kuti ndi 8 wa dziko liti. Saizi imodzi ya ku Britain kapena ku America ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a inchi, pafupifupi mamilimita 8.5. Papepala zimaoneka zochepa. Kwa ine mphunzitsi, amene ndimaima kutsogolo kwa kalasi kuyambira m'mawa, mapazi n'kumatupa dzuwa likamapendeka, mamilimita amenewo ndi matuza komanso chikhadabo chakuda.

Za ku Europe ndiye zili ndi kawerengedwe kakekake. Kumeneko saizi imakwera ndi mamilimita pafupifupi 6.7, n'chifukwa chake manambala awo sagwirizana ndendende ndi a ku Britain, ndipo tchati cha fakitale ina chimasiyanako ndi cha inzake. Anyamata ogulitsa nsapato za kaunjika pamsika zimenezi amazidziwa pamtima. Ukati 8 amakufunsa kuti, "Ndiye 42 eti, bwana?" Zikundivuta kumvetsa kuti sitolo yaikulu ngati yanu ikulephera kufunsa funso lomweli.

Nditaimba foni, mayi amene anayankha anandiuza kuti ndingopirira, chikopa chimamasuka chikavalidwa. Chimamasukadi, koma m'mbali. Nsapato yaifupi siitalika, olo muipake polishi chaka chonse kapena muilonge nyuzipepala zonyowa. Nditawafotokozera zimenezi anasintha nkhani, n'kunena kuti katundu akatuluka m'sitolo sabwezedwa, ndiponso kuti nsapatozo ndavala kale. Ndinaziyesa pamkeka m'nyumba, nditavala sokosi. Kunsi kwake kulibe ngakhale fumbi, ndipo zithunzi ndaphatikiza pamodzi ndi uthenga wa malipiro komanso macheza athu a pa WhatsApp. Mawu amene anandipweteka kwambiri ndi oti mwina sindidziwa saizi yanga. Phazi langa lakumanja, lomwe ndi lalikuluko, ndi masentimita 26 ndi pang'ono, ndipo UK 8 yakhala ikundikwana kuyambira ndili ku koleji.

Ndikupempha kuti mundisinthire ndi UK 8 ya mtundu womwewo, ndipo ndalama ya basi, yobweza ndi yotumizanso, ikhale yanu, popeza cholakwika chinachitikira kwanuko. Ngati saiziyo mulibe, mundibwezere ndalama yanga yonse.

Chinanso, poti mwasankha kugulitsa nsapato kwa anthu amene simukuwaona mapazi, konzani kagulitsidwe kanu. Lembani UK, US kapena EUR pambali pa nambala iliyonse. Uzani wogula aponde papepala madzulo, ataimirira, atavala sokosi yomwe azivalira nsapatoyo, ajambule mapazi onse awiri, ayeze lalikulu kuchokera kuchidendene mpaka kuchala chachitali, akutumizireni masentimitawo. Inu muwonjezere kampata ka pafupifupi sentimita imodzi kutsogolo. Mufunsenso ngati phazi ndi lotambalala, chifukwa ambiri amene tinakula tikuyenda opanda nsapato mapazi athu ndi otakata, ndipo nsapato yosongoka imatithina ngakhale kutalika kuli bwino. Chipangizo chachitsulo choyezera utali ndi mulifupi wa phazi, chomwe Charles Brannock anapanga ku Syracuse m'zaka za m'ma 1920, chikanayenera kupezeka pakauntala panu.

Ndikunena izi poganiziranso makolo. Sukulu zikamatsegulira mu Seputembala ambiri adzakuodani nsapato za ana, ndipo kumeneko manambala amasokoneza kuposa apa: saizi za ana za ku Britain zikafika 13 zimayambiranso pa 1. Kholo losadziwa lingaganize kuti 13 ndi yaikulu kuposa 2, ndipo mnyamata wanu, monga ndamuonera, sangaliwongolere.

Ndidikira yankho lanu kwa masabata awiri. Likapanda kubwera, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula, ndipo ndikawauzanso za lamulo lanu loti katundu sabwezedwa. Nsapatozo zili m'katoni yake momwemo, mungondiuza basi yoti ndizikweze.

Ine kasitomala wanu,
Mphunzitsi wa ku Ntcheu