Chitsulo cha earth pachokha sichithetsa chisokonezo m'mabokosi a makina

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi amisiri anzanga a zamagetsi kudzera m'nyuzipepala yanu, makamaka achinyamata amene masiku ano akupatsidwa ntchito yolumikiza mabokosi oyendetsera makina m'malo ochekera matabwa, m'zigayo zikuluzikulu ndi m'minda yamthirira kuno ku Dedza. Nkhani yanga ndi ya timawaya tamkuwa tolukana timene timakuta nthambo zina kunsi kwa pulasitiki, timene timatitcha shield, tomwe ambiri a ife timangotidula n'kutaya ngati makoko a nzimbe.

Mwezi wathawu ndinaitanidwa kumunda wina cha ku Linthipe kumene pampu yokoka madzi inkangozima yokha. Pampuyo imayendetsedwa ndi VFD, chipangizo chimene chimachepetsa kapena kuwonjezera liwiro la mota, ndipo sensa yoyeza mphamvu ya madzi m'paipi imatumiza uthenga wake ku PLC, kakompyuta koyendetsa makina onsewo, pa nthambo yonyamula timagetsi tochepa kwambiri ta 4 mpaka 20 mA. Mota ikangoyamba kuzungulira, manambala ochokera ku sensa ankadumphadumpha, PLC n'kuzimitsa zonse poyesa kuti paipi yaphulika. Eni munda anali atagula kale masensa awiri atsopano, ndipo mmisiri amene anabwera ine ndisanafike anakhoma pansi zitsulo zitatu za earth n'kuthirapo makala ndi mchere monga mwa chizolowezi chathu, koma vuto silinasunthe. Nditatsegula bokosi ndinapeza shield ya nthambo yopita ku mota itadulidwa pakhomo penipeni, ndipo nthamboyo inali itamangidwa mtolo umodzi ndi ya sensa kuchokera m'bokosi mpaka kuchitsime.

Sindikumunyoza mmisiri mnzangayo, chifukwa anachita zimene tonse tinaphunzitsidwa. Magetsi amene timalandira kuchokera ku ESCOM amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo nzeru zathu zambiri za earth zinakhazikika pa magetsi oterewa. Koma VFD imawadula magetsiwo m'tizidutswa maulendo masauzande pa sekondi, kawirikawiri pakati pa 2,000 ndi 16,000, ndipo kudula kulikonse kumachitika mwadzidzidzi kwambiri moti nthambo ya mota imayamba kumwaza mphamvu ngati mlongoti wa wailesi. Aliyense amene anamvetserapo wailesi ya medium wave nthawi ya dzinja akudziwa momwe imathethekera chiphaliwali chikang'anima kuseri kwa phiri la Dedza, ngakhale chisanagunde chilichonse. Zomwezo ndi zimene zimaichitikira nthambo ya sensa ikagona pafupi ndi ya mota.

Chimene ambiri sitichimvetsa n'chakuti magetsi osokonezawa safuna kulowa m'dothi ayi. Iwo amafuna kubwerera kumene achokera, kutanthauza ku VFD komweko, ndipo shield ndiyo njira yawo yachidule yobwererera. Mukaidula njirayo, amadzifunira ina, kaya m'nthambo za masensa, kaya m'mapaipi achitsulo, kaya m'mabering'i a makina amene pambuyo pake amadyeka nthawi yake isanakwane. Chitsulo chokhoma pansi ndi waya wobiriwira ndi chikasu zili ndi ntchito yake yoteteza moyo wa munthu, ndipo wina asayerekeze kuzichotsa, koma ngakhale mutakhoma zitsulo khumi simungathetse vuto la mtundu umenewu.

Palinso ena amene saidula shield, koma amaipota ngati luzi n'kuimanga pa bawuti ya earth. Mukayeza ndi mita imalira bwinobwino kusonyeza kuti zalumikizana, ndipo apa m'pamene timanamizika, chifukwa mita imayeza ndi magetsi odekha a batire. Kwa magetsi othamanga chotere, kachingwe kopota kotalika ngati chala kamakhala chopinga chachikulu. Choyenera n'kusenda pulasitiki wakunja yekha, kusiya shield ili yolukana, n'kuipana ndi kachitsulo kozungulira nthambo yonse pa chitsulo cha kumbuyo kwa bokosi pafupi ndi VFD, kenaka kuchita chimodzimodzi ku mota pogwiritsa ntchito gland, chomangira nthambo pamene ikulowera, yachitsulo osati yapulasitiki. Pamene pali penti papalidwe mpaka chitsulo chiwale. Chitseko cha bokosi nacho chilumikizidwe ndi lamba wamkuwa wolukana, wamfupi ndi wotambalala, popeza magetsi amenewa amayenda pamwamba pa waya osati mkati mwake.

Pa nthambo za masensa pali kusiyana, chifukwa opanga ena amalamula kuti shield igwire mbali imodzi yokha pomwe ena amati mbali zonse, choncho buku limene limabwera ndi chipangizo liwerengedwe lisanasanduke choyatsira mbaula. Ngati mota ili m'nyumba ina kutali ndi bokosi, waya wonenepa wa earth uyende limodzi ndi nthamboyo kuti shield isasenze katundu amene si wake. Nthambo za mphamvu ndi za uthenga zitalikirane masentimita 20 kapena kuposerapo, ndipo pamene zikumana zidutsane mopingasa.

Ndikudziwa kuti nthambo ya shield ndi yodula ndipo nthawi zambiri timakaipeza ku Lilongwe kapena ku Blantyre, zimene zimachititsa eni makina kunena kuti waya ndi waya basi. Komabe chondipweteka n'chakuti ngakhale amene alimba mtima n'kuigula, ndalama zawo zimathera pansi ife tikaidula pakhomo pa bokosi. Pempho langa kwa a TEVETA ndi aphunzitsi a m'makoleji a ntchito zamanja n'lakuti ophunzira aziyeseza ndi manja awo kupana shield pa bokosi lenileni la VFD, ndipo a MERA, amene amapereka ziphaso kwa amisiri a zamagetsi, aganizirepo zoika nkhaniyi m'mayeso awo, poti malamulo ake alipo kale monga IEC 61800-3, muyezo wa m'maiko ambiri wokhudza chisokonezo chochokera ku VFD.

Ku Linthipe kuja tinafupikitsa nthambo ya mota pang'ono kuti tipeze shield yabwino, tinaipana mbali zonse ziwiri, n'kusamutsira nthambo ya sensa m'paipi yakeyake. Manambala anakhazikika madzulo omwewo, ndipo sensa yoyamba ija, imene inali itatayidwa m'katoni ngati yowonongeka, ndi imene ikugwira ntchito mpaka lero.

Mmisiri wa zamagetsi,
Dedza