Lipoti la maphunziro a injini zamakono za petulo

A wapampando ndi amakaniko anzanga nonse,

Ndabwerako ku maphunziro omwe munandituma ku Lilongwe aja. Nkhani inagona pa timagalimoto ta ku Japan tomwe tadzaza magalaja athu, ma Vitz, Passo, Note ndi Demio: chomwe chimachititsa kuti tizimwa mafuta pang'ono, komanso chomwe chimatisandutsa zidakwa tikadutsa m'manja mwathu.

Kabuleta inapita kalekale. Pano kompyuta ya galimoto ndiyo imayeza petulo, pafupifupi galamu imodzi pa magalamu 14.7 a mpweya, ndipo imamvera sensa ya oxygen, kachipangizo koyeza mpweya wa oxygen mu utsi wa pa ekizosi. Sensayo ikafa, kompyuta imayamba kuthira mafuta mongoganizira, mwini galimoto n'kumadandaula kuti akumubera pa filing'i sitesheni.

Pa VVT-i, njira yosinthira nthawi yotsegukira mavalavu yomwe Toyota inayambitsa m'zaka za m'ma 1990, ndi pomwe ndinatchera khutu kwambiri. Nthawi yomwe mavalavu amatseguka imasintha malinga ndi mmene injini ikuthamangira, ndipo chomwe chimakankha zonsezo ndi oyilo. N'chifukwa chake ma injini ambiri otere amafuna oyilo wopyapyala ngati 0W-20. Ife timathira wokhuthala wa 20W-50 n'kumati ndiye wolimba. Mphunzitsi anatigwiritsa kasefa ka oyilo wa VVT-i kochokera mu 1KR-FE, injini ya masilinda atatu ya mu Vitz ija. Kasefako n'kochepa kuposa chala, koma kanali katatsekeka ndi phala lakuda loti ukalipaka pa chikhatho silichoka msanga.

Pa njira zina zosungira mafuta, anatchulanso Demio ya 2011 ya injini ya Mazda yotchedwa Skyactiv, yomwe imapanikiza mpweya kufika pa 14:1 (kuufinya mpaka uchepe ka 14) n'kupopera petulo mu silinda mwenimwenimo, ndi Prius, yomwe kuyambira 1997 imachedwetsa dala kutseka valavu yolowetsa mpweya. Ngakhale zili choncho, injini zatsopano za Toyota zimangopindula ndi pafupifupi 40 peresenti ya mphamvu ya mafuta: mwa malita 10 alionse, 4 okha ndi omwe amagwira ntchito, otsalawo amathera m'kutentha.

Mtsutso unabuka pa thermostat, kavalavu kotsekera madzi kuti asapite ku radiyeta mpaka injini itatentha. Anzathu ena a ku Chikwawa anati ndi kutentha kwa kwawoko, kuichotsa n'kupulumutsa injini. Mphunzitsi anakana kwamtuwagalu. Injini yopanda thermostat imachedwa kutentha, kompyuta imaona ngati kudakali m'mawa, ndiye imapitiriza kuthira petulo wambiri. Galimoto ikamawira, tiziyamba taona radiyeta, fani ndi pampu ya madzi. Ineyo ndili mbali ya mphunzitsiyo, ngakhale ndikudziwa kuti akuluakulu ena pagulu lathu sagwirizana nazo.

China choti tidziwe n'chakuti magalimoto ozima okha akaima pa maloboti amafuna batire lakelake, wamba silikhalitsa.

Pempho langa n'loti tisonkhe ndalama tigule makina a OBD, owerengera zovuta mu kompyuta ya galimoto, oti tizibwerekana, tileke kusintha mapulagi mwachimbulimbuli. A mlembi, chonde muiike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano ukubwerawu. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa a msungichuma.