Gawo 64 la malamulo oyendetsera dziko libwezeretsedwe

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, imene ife ovota tinapatsidwa mu 1994 koma tinalandidwa patangotha chaka chimodzi.

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse anasankha nyali, chizindikiro cha ulamuliro wa zipani zambiri, pamene kuno ku Kasungu, kwawo kwa Dr Hastings Kamuzu Banda, ambiri anasankha tambala wakuda. Kuti mbali ziwirizi zimvane panafunika kugonjerana, ndipo nthumwi za MCP, UDF, AFORD ndi zipani zina zinakhala pansi m'bungwe la National Consultative Council n'kulemba malamulo atsopano mwamsangamsanga. Nyumba ya Malamulo inawavomereza pa 16 Meyi 1994, kutatsala tsiku limodzi kuti chisankho chichitike. Podziwa kuti anthu akumudzi sanafunsidwe mokwanira, anagwirizana kuti malamulowo agwire ntchito mongoyembekezera kwa chaka chimodzi. Mpaka pamenepa ndilibe chodandaula, chifukwa kugonjeranako kunatipulumutsa ku chipwirikiti.

Zinthu zinapotoka mu 1995. Msonkhano waukulu umene unachitika ku Lilongwe mu Febuluwale chaka chimenecho, komwe kunasonkhana mafumu, azipembedzo ndi mabungwe osiyanasiyana, unafuna kuti gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, lisungidwe. Aphungu atalowa m'Nyumba ya Malamulo analifafaniza. Nyumba yachiwiri ya Senate, imene inayenera kukhala ndi anthu 80, kuphatikizapo mfumu imodzi yochokera m'boma lililonse, anayamba aiimika kaye, ndipo mu 2001 anaithetseratu isanakumanepo ngakhale kamodzi. Koma udindo wa wachiwiri wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, umene unakhazikitsidwa pofuna kupezera malo a Chakufwa Chihana m'boma la a Bakili Muluzi, anausunga. Zimene zinali zokomera andale zinapulumuka, zimene zinali zowamanga manja zinachotsedwa.

Aphungu ankanena kuti gawoli likanapatsa mpata anthu ogonja pa chisankho kuti azisokoneza amene apambana, ndipo nkhawa imeneyi si yopanda pake. Komatu mankhwala ake anali kuika ndondomeko yokhwima: kuchuluka kwa anthu osayinira pempholo, zifukwa zomveka, komanso bungwe loyendetsa zisankho kutsimikiza dzina lililonse. Kuchotseratu gawo lonse kunali kuotcha nkhokwe chifukwa cha makoswe. Ndiponso si chilungamo kuti munthu aweruze mlandu umene iye mwini akukhudzidwa nawo, monga anachitira aphunguwo.

Zotsatira zake tikuziona. Mlimi wa fodya wa ku Santhe kapena ku Chamama akavotera munthu amene kenaka wasamukira mumzinda osaonekanso, alibe pogwira mpaka patatha zaka zisanu. Chonsecho gawo 12 la malamulo omwewa limanena kuti mphamvu zonse za ulamuliro zimachokera kwa anthu, ndipo olamulira amangozigwira mowaimirira.

Ndikupempha aphungu a boma lino la Kasungu kuti apititse nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo. Gawo 64 likabwezeretsedwa, liikidwe m'gulu la magawo amene gawo 196 limawateteza, kuti aliyense wofuna kulichotsanso adzayambe wafunsa anthu kudzera pa riferendamu.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Santhe, Kasungu