Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a sayansi ku Tete

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Angónia, ndabwerako ku Tete kumene munandituma. Ndalama ya ulendo inathera pa shapa, pogona ndi chakudya, ndipo malisiti ali kwa msungichuma wathu. Aliyense wofuna akawaone, poti ndikudziwa kuti ena amati otumidwa amangokadya nkhuku.

Za mapulani a maphunziro ndi mafomu a mayeso zinali zomwe mukuzidziwa kale. Chimene chinandigwira mtima ndi phunziro la mphunzitsi wina wa ku yunivesite lokhudza superconductivity, pamene chitsulo chazizira mpaka magetsi n'kumadutsamo popanda chowakaniza. Anazitulukira Heike Kamerlingh Onnes ku Leiden mu 1911, ataziziritsa mercury kufika pa 4.2 K (K ndi kelvin, muyeso woyambira pa kuzizira kotheratu), pafupifupi madigiri 269 pansi pa ziro. Chifukwa chake anadzachifotokoza Bardeen, Cooper ndi Schrieffer mu 1957: pozizira chotere maelekitironi amagwirana awiriawiri n'kumayenda mogwirizana.

Funso linali lakuti, chitsulocho chikapyapyala mpaka kutsala maatomu owerengeka, chimachitabe zimenezi? Mu 1989 Haviland, Liu ndi Goldman a ku yunivesite ya Minnesota ankamata chitsulo cha bismuth pang'onopang'ono pa germanium yozizira, n'kumayeza akawonjezera. Ikadali yopyapyala kwambiri, kuzizira kunkangopangitsa kuti ikanize magetsi koposa. Atangoikhuthalitsa pang'ono, isanakwane n'komwe nanomita imodzi (gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita), zinthu zinatembenuka, kukaniza kuja kunagwa mpaka ziro. Malire ake anali pafupi ndi maohm 6,500 pa sikweya (ohm ndi muyeso wa kukaniza magetsi). Chitsulo chimodzimodzi, koma makhalidwe awiri osiyana kotheratu!

Maatomu akakhala osalongosoka, maelekitironi amapunthwapunthwa, kukankhana kwawo kumakula, ndiye kugwirana kuja kumafooka. Nthawi zina chitsulocho chimakhala tizilumba tosalumikizana, ngati miyala yodumphira pa mtsinje wa Revúbuè: ikayandikana mumawoloka, ikatalikirana mumaima pomwepo. Komatu tisawauze ana kuti kupyapyala ndi kusalongosoka zimangowononga basi. Mtovu umayamba superconductivity pa 7.2 K, ndipo mu 2010 anapeza kuti mtovu wopyapyala ngati atomu imodzi yokha pa silicon umachitabe, ngakhale watsika kufika cha pa 1.8 K. Aluminiyamu ndiye amachita zosiyana, akapyapyala amakwera kupitirira 1.2 K yake ya nthawi zonse. Bismuth yolongosoka bwino simachita kanthu pa kuzizira kotere, pomwe yosalongosoka imayamba cha pa 6 K, monga anaonera Buckel ndi Hilsch mu 1954.

Apa mphunzitsi wina anaimirira n'kunena kuti mawaya a damu la magetsi la Cahora Bassa, ochoka ku Songo kukafika ku siteshoni ya Apollo pafupi ndi Johannesburg, mtunda wopitirira makilomita 1,400, atakhala a mtundu umenewu vuto lathu la magetsi likanatha. Ine ndinakana. Ndani angaziziritse waya wotalika chonchi usana ndi usiku? Komanso vuto lathu si magetsi otayika m'njira ayi, ndi mapolo amene sanafike m'midzi yathu. Ngakhale pasukulu pomwe ndikuphunzitsa, soketi ya mu labu inafa nthawi ya dzinja, ndalemba makalata, yankho silinabwere. Kiyi wa kabati ya zipangizo ali m'thumba la munthu mmodzi, ndipo iye akachoka phunziro limafa. Nkhaniyi tinaikambapo kale pagulu pano, sitinaimalize.

Chimene tingachite ndi ichi. Anatipatsa pensulo yofewa ndi pepala, tinadetsa kamzere kotalika ngati chala, n'kuyika timawaya ta multimeter, kamakina koyezera kukaniza kwa magetsi, kunsonga zonse ziwiri. Titangopaka mopepuka, manambala ankadumphadumpha, mwina osaoneka n'komwe. Titabwerezabwereza mpaka kamzere kananyezimira, nambala inatsika n'kukhazikika. Si superconductivity imeneyo, koma mwana amaona ndi maso ake kuti kukhuthala ndi kulumikizana kwa tizidutswa kumasintha kayendedwe ka magetsi. Sipafunika soketi, batire ya m'makinamo ndi yokwanira.

N'chifukwa chake sindinakondwe ndi chigamulo chakuti ma multimeter ochepa amene alipo ayambire sukulu za mumzinda, ati chifukwa zili ndi malabu. Ndinati amene alibe labu ndiye akuwafuna kwambiri. Mwana wa ku Dómuè kapena Tsangano adzalemba mayeso omwewo amene adzalembe mwana wa mumzinda. Manja atakwezedwa tinachepa.

Pempho langa ndi lakuti pa msonkhano wathu wotsatira tisonkhe kangachepe tigule multimeter imodzi yoyenda sukulu ndi sukulu, tilembenso kalata ya gulu lonse yokhudza kagawidwe kameneka. Isungidwe ndi munthu amene tidzasankhe tonse, ndipo ndandanda ya kayendedwe kake imatidwe poonekera.